Funsani Azaumoyo: Chilungulira, omeprazole ndi BP ya amayi oyembekezera

FUNSO: Adokotala, ndili ndi pakati poyamba pa miyezi 7. Chilungulira chikundisowetsa tulo, ndipo ku sikelo anandilembera omeprazole. Alamu anga akuti mankhwalawa amakweza BP mwa oyembekezera, pomwe mnzanga akuti amateteza. Ndimvere ndani?
Mayi wa ku Namwera

YANKHO: Amayi, pitirizani kumwa monga anakulemberani, koma muzimwera chilungulira basi. Omeprazole si mankhwala a BP, ndipo palibe kafukufuku amene anatsimikiza kuti amaiyambitsa.

Nthenda imene akunenayo ndi preeclampsia. Imabwera pakati pakadutsa masabata 20: BP imafika 140/90 kapena kuposa, ndipo nthawi zambiri mkodzo umapezeka ndi puloteni, kusonyeza kuti impso zayamba kuvutika. Gwero lake ndi nsengwa. Ikapanda kumera bwino m'chiberekero imathira m'magazi a mayi zinthu zowononga mitsempha, china mwa izo ndi chimene madokotala amachitcha sFlt-1.

Mnzanuyo sanangopeka. Mu 2017 asayansi a ku Melbourne anaonetsa kuti mankhwala a gulu la omeprazole amatsitsa sFlt-1 akawathira pa zidutswa za nsengwa mu labotale. Anthu anayembekezera zambiri. Kenako pa chipatala cha Tygerberg ku Cape Town anayesa pa amayi 120 amene preeclampsia inawagwira msanga: theka ankamwa esomeprazole, wa gulu lomwelo, 40 mg tsiku lililonse, theka mapiritsi opanda mankhwala. Zotsatira za mu 2018 zinaonetsa kuti mankhwalawo sanathandize kuti pakati pakhalitse, ndipo sFlt-1 m'magazi mwawo sinatsike.

Alamu anunso ali ndi pogwira. Kafukufuku wa ku Sweden wa mu 2019, wa amayi oposa 150,000 a pakati poyamba, anapeza preeclampsia yochulukirapo pang'ono mwa amene ankamwa mankhwalawa. Koma kafukufuku wowerenga m'mabuku a chipatala sangaloze choyambitsa. Mayi wonenepa kwambiri kapena wa mapasa ndi amene chilungulira chimamuvuta kwambiri, ndiye amamwa mankhwala, komanso ndi yemweyo amene preeclampsia imakonda kumugwira ngakhale asanamwe kanthu.

Kamwedwe kake: kawirikawiri ndi 20 mg kamodzi pa tsiku, m'mawa, mphindi 30 musanadye. Mezani kapisozi wathunthu, osatafuna. Sagwira nthawi yomweyo, amafuna masiku awiri kapena atatu, choncho kumwa usiku chilungulira chitabuka kale n'kungotaya mankhwala.

Zimene zimachepetsadi ngozi ya preeclampsia ndi ziwiri. Bungwe la zaumoyo pa dziko lonse la WHO limalangiza aspirin wa 75 mg tsiku lililonse kwa amayi amene ali pachiopsezo, monga amene anadwalapo nthendayi, a BP yakale, a shuga, a impso ndi a mapasa, makamaka kuyamba pakati pasanakwane masabata 20. China ndi calcium kwa anthu amene zakudya zawo zilibe calcium wokwanira. Zonsezi akulembereni ku sikelo. Aspirin wa m'golosale ndi wa 300 mg, kanayi kuposa mlingowo, ndipo amapsereza m'mimba.

FUNSO: Chaka chatha mchemwali wanga ankamva kupweteka pamwamba pa mimba ali ndi pakati pa miyezi 8. Anamwa mankhwala a chilungulira sabata yonse, kenako anakomoka n'kumaphupha. Kuchipatala anati ndi BP. Kodi ndi mankhwalawo? Akazi anga ndi oyembekezera, ndiye ndili ndi mantha.
Bambo wa ku Makanjira

YANKHO: Bambo, si mankhwalawo anakweza BP ya achemwali anu. Zikuoneka kuti ululuwo sunali chilungulira n'komwe, ndipo sabata imene ankamwa mankhwala inali sabata yofunika kukhala ali m'chipatala. Apa ndi pamene pali ngozi yeniyeni ya mankhwala a m'mimba kwa oyembekezera, kuposa zonse tanena pamwambazi.

Preeclampsia ikakula, chiwindi chimatupa n'kukoka kachikopa kamene kamachikuta. Ululu wake umamvekera pamwamba pa mimba kapena pansi pa nthiti za kumanja, pafupi kwambiri ndi pamene chilungulira chimamvekera. Kusiyana kwake ndi uku. Chilungulira chimawotcha, chimakwera pachifuwa kupita kukhosi, chimabweretsa madzi owawasa m'kamwa, chimakula munthu akakhuta, akawerama kapena akagona, ndipo mankhwala amadzimadzi amachiziziritsa m'mphindi zochepa. Ululu wa chiwindi umakhala pamalo amodzi, nthawi zina umapita kumsana kapena kuphewa lamanja, sukhudzana ndi chakudya, pamapweteka mukadinapo, ndipo mankhwala a chilungulira saukhudza. Nthawi zambiri umabwera ndi nseru kapena kusanza.

Ululu wotero ukabwera pakati patadutsa miyezi 5, pitani tsiku lomwelo akayeze BP ndi mkodzo. Musadikire tsiku la sikelo. Chimodzimodzinso mukaona mutu waukulu wosamva panado, kuona mwachimbuuzi kapena tinyenyezi, kubanika, mwana kuchepetsa kugunda, kapena kutupa nkhope ndi manja mwadzidzidzi. Kutupa mapazi kokha madzulo n'kofala, koma nkhope yotupa pamodzi ndi mphete yokana kutuluka pachala si kunenepa kwa pakati ayi.

BP ya 160/110 ndi yoopsa, yofuna chithandizo nthawi yomweyo. Amaitsitsa ndi nifedipine kapena hydralazine, ndipo amabaya magnesium sulphate kuti mayi asaphuphe. Jakisoni ameneyu ndi wosiyana ndi magnesium trisilicate ya chilungulira, imene siiteteza kukomoka ngakhale pang'ono. Nthendayi imayamba kutha mwana ndi nsengwa zikatuluka, n'chifukwa chake madokotala nthawi zina amachiritsa mayi masiku asanakwane. Imathanso kubuka mayi atachira kale, mpaka masabata 6.

Kuchoka ku Makanjira kufika ku boma ndi ulendo wautali, ndipo nthawi ya mvula msewu umavuta. Ngati BP ya akazi anu yakwerapo ngakhale kamodzi, kambiranani ndi anamwino zopita kuchidikiro msanga. Pa sikelo iliyonse onani m'buku lawo la kuchipatala ngati manambala a BP alembedwa. Ngati palibe, funsani. Dziwaninso kuti mayi amene anadwalapo preeclampsia, kapena amene mchemwali wake wa bere limodzi anadwalapo, amakhala pachiopsezo chokulirapo, choncho achemwali anuwo akadzatenganso pakati ayambe sikelo m'miyezi itatu yoyamba n'kunena zimene zinachitika.

FUNSO: Ine chilungulira chikandigwira ndimasungunula soda wophikira therere n'kumwa. Ndili ndi pakati ndipo ndimamwa ma ARV ndi mapiritsi owonjezera magazi. Pali vuto?
Mayi wa ku Monkey Bay

YANKHO: Lilipo amayi, sodayo musiyeni. Ali ndi sodium wambiri, amene amasunga madzi m'thupi, ndipo akachuluka amasokoneza magazi a mayi ndi a mwana. Ufa wothovoka ngati Eno ulinso ndi soda yemweyo.

Yambani ndi kadyedwe. Mahomoni a pakati amafooketsa kakhomo ka pamwamba pa chifu, ndipo chiberekero chikamakula chimakankha chifucho, ndiye chikadzaza asidi amabwerera kukhosi. Idyani pang'onopang'ono kasanu pa tsiku m'malo mokhuta kawiri. Nsima ya madzulo idyani maola atatu musanagone. Chepetsani nsomba zokazinga m'mafuta ambiri, mandasi, kambuzi, tiyi wamphamvu ndi zakumwa za gasi. Gonerani kumanzere, ndipo kwezani kumutu kwa bedi ndi njerwa imodzi pansi pa mwendo uliwonse wa kumutuko. Mapilo ambiri amapinda mimba n'kuwonjezera vuto. Brufen ndi diclofenac musamwe.

Zikakanika, mankhwala oyamba ndi a aluminium hydroxide kapena magnesium. Magnesium trisilicate musaichite chakumwa cha tsiku ndi tsiku kwa miyezi. Ranitidine anachotsedwa pamsika m'mayiko ambiri mu 2020 atapezeka ndi NDMA, chinthu chimene chingayambitse khansa, choncho wotsalira m'nyumba mutayeni. Misoprostol, amene amapatsidwanso kwa a zilonda za m'mimba, amachotsa pakati.

Nthawi yomwera ndi yofunika kwa inu. Mankhwala a aluminium ndi magnesium amagwira ayironi m'matumbo, ndiye siyanitsani ndi mapiritsi owonjezera magazi ndi maola awiri. Kuno kunyanja malungo ndi likodzo zimachepetsa kale magazi a amayi, sitingataye ayironi chabe. Amagwiranso dolutegravir, mankhwala amene ali mu ARV ya TLD: imwani TLD maola awiri musanamwe a chilungulira, kapena maola 6 mutamwa. Ngati muli pa ARV wokhala ndi atazanavir, omeprazole musamwe, chifukwa atazanavir amafuna asidi kuti alowe m'magazi. Tengani mabotolo onse mukawaonetse ku ART, akulembereni maola ake m'buku.