Ntchito zonse zikuitana nthawi imodzi, ndiyambe iti?

Mayi wina wosoka zovala ku Zomba wandilembera imelo. Akuti amatsegula shopu m'mamawa n'kutseka kutada, koma mayunifolomu a ana a sukulu, amene ndalama zake analandira kale, sanasokedwebe. Tsiku limathera pa kupinda mathalauza, kuika mazipi ndi kuyankha mauthenga a pa WhatsApp. Akufunsa ngati vuto ndi ulesi kapena kuchepa kwa nthawi.

Mayi, ulesi palibepo apa. Waulesi sakhala pa makina mpaka msana kupweteka. Chimene chikuchitika n'chakuti amene akukusankhirani ntchito ya tsikulo ndi munthu aliyense amene wafika pakhomo panu.

Mu 1954, Dwight Eisenhower, ali pulezidenti wa dziko la America, analankhula mumzinda wa Evanston m'dzikolo ndipo anabwereza mawu amene anamva kwa mkulu wina wa koleji: mavuto alipo a mitundu iwiri, achangu ndi ofunika, ndipo achanguwo sakhala ofunika, pomwe ofunikawo sakhala achangu. Ine sindivomereza mawuwa onse, chifukwa mwana akadwala usiku, nkhaniyo ndi yachangu komanso yofunika. Koma pa shopu yanu akugwira bwino ndithu. Bambo amene waima ndi thalauza long'ambika ali ndi pakamwa, akutha kukuchondererani. Mayunifolomu ali phee m'thumba. Komabe ndi mayunifolomuwo amene akulipira lendi, ndipo mukawachedwetsa sukulu n'kutsegulidwa, makolo aja chaka chamawa adzapita kwa telala wina, n'kuuzanso anzawo. Zipi imodzi siingabweze zimenezo. Akuluakulu anati ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Tsono yambani ndi kope lanu la ndalama. Onani miyezi itatu yapitayi: ndi ntchito iti inabweretsa ndalama zenizeni? Musadalire kukumbukira, pakuti mutu umasunga ntchito zimene zinatitopetsa, osati zimene zinatipindulitsa.

Kenako madzulo alionse, musanakhome chitseko, lembani ntchito imodzi imene mawa iyenera kutha zivute zitani. Ilembeni momveka: osati "mayunifolomu", koma "kudula madiresi 10 a ku pulayimale". Nsalu, ulusi ndi sizasi muziikiretu patebulo. Kukacha, maola awiri kapena atatu oyambirira akhale a ntchito imeneyo basi, foni ili m'chikwama. Ngati makina anu ndi a magetsi, m'posavuta kusankha: magetsi akakhalapo sokani ndi kusita, akazima dulani nsalu ndi kuika mabatani.

Chovuta kwambiri n'kubweza munthu, ndipo ndikudziwa kuti apa ndi pamene mtima wanu ukukana. Tinaleredwa kuti mlendo sabwezedwa, makamaka akakhala wachibale kapena wa kumpingo. Koma simukumukana ayi, mukungomupatsa nthawi yake. "Pepani bambo, siyani thalauzali, mudzalitenge 4 koloko madzulo." Ambiri amavomera bwinobwino, chifukwa chimene amafuna n'kudziwa nthawi yeniyeni. Tintchito tonse ta mazipi ndi kupinda mutisonkhanitse masana, mutichite pamodzi. Mauthenga nawonso muziwayankha kawiri patsiku. Amene sangadikire n'komwe, muuzeni mtengo wokwererapo wa ntchito yachangu, asankhe yekha.

Musaiwale kuti maliro adzagwa, wodwala adzafunika kukaonedwa kuchipatala, ndipo mudzapita, monga mmene kuyenera kukhalira. Choncho polonjeza tsiku lotengera zovala, muziwonjezerapo masiku awiri pa amene mukuganiza. Pa mayunifolomu amene achedwa kalewa, aimbireni makolowo lero lomwe, muwauze tsiku limene mungakwanitsedi, ndipo oda ina yaikulu musailandire mpaka amenewa atatuluka m'shopu.