Khosi lothina pa mfuti: limathandiza ndani?

Bambo wina wa ku Luchenza wanditumizira funso pa imelo. Ali ndi mfuti ya .308 Winchester ya chilolezo, ndipo wamva kuti mfuti za mpikisano zimalasa pamodzimodzi chifukwa khosi lake, lija amati throat, limakhala lothina. Ndiye akufunsa ngati akathinitse yakeyo.

Bambo, zomwe mwamvazo n'zoona ndithu, kungoti sanakuuzeni zonse.

Khosi ndi kanjira kosalala komwe chipolopolo chimadutsa chikangotuluka m'khoko lake, mizere ya m'paipi ya mfuti, yomwe imachizunguza, isanachilume. Chipolopolo cha .308 kunenepa kwake ndi mainchi 0.308. Muyezo wa bungwe la SAAMI la ku America, loika miyezo ya mfuti ndi zipolopolo, umapereka khosi la 0.310, pomwe amisiri a mfuti za mpikisano amakonda kudula la 0.3085. Nayo 6.5 Creedmoor, mtundu wa zipolopolo wa kampani ya Hornady, inabwera ili yothina kale: chipolopolo 0.264, khosi 0.2645. Pa makosi othinawa, mpata wotsala pakati pa chipolopolo ndi khosi sufika ngakhale theka la kunenepa kwa tsitsi.

Phindu lake nali. Mpata ukakula, chipolopolo chikhoza kulowa m'mizere chitapendekeka pang'ono, n'kutuluka chikugwedezeka, ndipo pa mamita 600 kugwedezekako kumaonekera pachandamale. Khosi lothina limachiwongola chisanalume mizere, komanso mpweya wotentha wa onga supeza mpata waukulu wodutsira m'mbali.

Koma pondidetsa nkhawa ndi apa. Kampata kochepa chotero sikachedwa kutsekeka ndi mwaye wa onga. Mwayewo ukauma umapanga mkombero wolimba, chipolopolo chimapanikizika, mphamvu ya mpweya m'chipinda chomwe chipolopolo chimakhalamo imakwera mopitirira. Mukaona bolt, chitsulo chotsekera chipindacho, ikulimba potsegula mutaombera, lekani pomwepo, chifukwa nkhope yanu ili pafupi ndi chitsulocho. Anzathu a mpikisano amayeza zipolopolo chimodzichimodzi, kutsukanso amatsuka pafupipafupi. Inu mumagula zomwe mwapeza, lero za kampani iyi, mawa za ina, ndipo kwathu kuno chiperoni chikagwa masiku angapo, chinyontho ndi dzimbiri zimafika mpaka m'khosimo.

Chinanso, chitsulo chodulidwa sichibwerera. Kuti khosi lithine, mmisiri ayenera kudula paipi kumbuyo n'kuboola chipinda chatsopano ndi chida choboolera chotchedwa reamer, apo ayi kuika paipi yatsopano. Ntchito imeneyi si ya pamalo owotcherera zitsulo, chonde.

Ine ndikadati yanuyo isiyeni momwe ilili. Itsukeni khosi bwinobwino, yesani mitundu iwiri kapena itatu ya zipolopolo pa mamita 100, ndipo mtundu womwe walasa mothithikana muzigula womwewo.