Macrina sankangosala kudya ayi

Mayi, mwafunsa ngati akazi oyera a Chikhristu choyambirira ankangozunza thupi ndi njala popanda nzeru yozama. Ine ndikukana. Taonani Macrina wa ku Pontus, m'dziko lomwe lero ndi Turkey, amene anamwalira mu 379.

Mnyamata yemwe anamutomera atamwalira, Macrina anakana mwamuna wina, nati mnzakeyo sanafe, ali pa ulendo mpaka tsiku la kuuka. Anakopa amayi ake, Emmelia, kuti azidya ndi kugona mofanana ndi adzakazi awo. Mlongo wake Basil, amene pambuyo pake anakhala bishopu wotchuka, atabwerako ku Athens, ku Greece, akudzimva ndi maphunziro, amene anamutsitsa ndi Macrina yemweyu.

Chimene chimandigwira mtima ine ndi imfa yake. Ali gone pa thabwa pansi, thupi likutentha, ankakambirana za mzimu ndi kuuka kwa akufa ndi mlongo wake wina, Gregory, bishopu wa ku Nyssa. Bishopu wathunthu akulira, wodwala ndiye akuyankha mfundo ndi mfundo! Gregory amamutchula mphunzitsi, ndipo akuti Macrina ankafulumira kukakumana ndi Khristu, mkwati wake wosaoneka.

Chovuta n'chakuti zonsezi analemba ndi Gregory. Zolemba za Macrina mwiniwake tilibe.