Mbiya zotsanzira zakale zikuphulika pamoto: vuto lili pa dongo ndi kaumitsidwe

Mmodzi mwa owerenga watilembera kuti akuumba mbiya yofanana ndi yakuda yonyezimira imene anaiona m'nyumba yosungiramo zinthu zakale. Sagwiritsa ntchito makina kapena ng'anjo, amawotchera pabwalo. Mwa mbiya zinayi, zitatu zinaphulika, ndipo yotsalayo inatuluka yofiira. Akufunsa kuti akulakwitsa pati.

Tiyambe ndi kuphulikako. Mukathyola phale lakale n'kuyang'ana mkati mwake, kawirikawiri mumaona timiyala, tizigoba kapena tizidutswa ta mapale ena. Sizinagweremo mwangozi. Dongo lonona lokhalokha silipereka njira yoti nthunzi ituluke, ndiye moto wa nkhuni, umene umakwera msanga, umaliphulitsa. Sinjani mapale owotcha kale, musefe kuti timibulu tisapose mamilimita 2, kenaka sakanizani muyezo umodzi wa mapalewo ndi miyezo itatu kapena inayi ya dongo. Mchenga umathandizanso, koma tikanakonda mapale, chifukwa mwala wa kwatsi umene uli mumchenga umafufuma mwadzidzidzi pa madigiri 573 Celsius, ndipo ukachuluka umabweretsa ming'alu. Kandani mpaka zonse zilowane.

Poumba, khoma la mbiya likhale lofanana kuchindikala, mamilimita 6 mpaka 8, ndipo pansi pasachindikale kuposa m'mbali. Pamene mzere wina wa dongo wakumana ndi unzake, fafanizani bwino mkati ndi kunja komwe.

Apa ndiye pamene ambiri amapupuluma. Mbiya iume pamthunzi popanda mphepo, sabata ziwiri kapena zitatu, masiku oyambawo mutaiphimba ndi nsalu. Mukaigunditsa patsaya n'kumva kuzizira, madzi akadalimo. Tsiku lowotcha, iyandikitseni kumoto pang'onopang'ono mukuitembenuza kwa maola awiri, mpaka itenthe kosagwirika, chifukwa madzi otsalira amasanduka nthunzi pa madigiri 100 ndipo ndi amene amaswa mbiya zambiri. Mukatero, iikeni pa mapale, muunjike nkhuni zouma mozungulira. Moto wotere umafika madigiri 700 mpaka 900.

Kunyezimira kuja si utoto. Mbiya ikalimba koma isanaumiretu, ikulungizeni ndi kamwala kosalala mpaka iwale. Dzanja limatopa, koma ndi pomwe pali kukongola konse. Kufiira kumabwera chifukwa chitsulo cha m'dongo chakumana ndi mpweya wambiri. Kuti ide, moto ukangotsika mbiya ikadali yotentha kwambiri, ikwirireni ndi utuchi wouma, pamwamba muthire dothi kuti mpweya usalowe. Utsiwo umalowa m'dongo. Musafukule mpaka izizire, apo ayi mwaye umapsa n'kusiya mawanga ofiira.

Kumbukiraninso kuti dongo limabwerera likamauma ndi kupsa. Umbani kachidutswa, mulembepo mzere wa masentimita 10, muwotche n'kuyezanso. Ukatsala 9, ndiye kuti mukafuna mbiya ya kukamwa kwa masentimita 20 muumbe kwa 22.

Chonde, dongo likadali lofewa, lembani chizindikiro chanu ndi chaka kunsi kwa mbiyayo, kuti wina asadzaigule kapena kuisunga ngati yakale yeniyeni.