Mafayilo ali bwinobwino, nanga mafuta akuthera kuti?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wogwira ntchito pa kampani yogulitsa zipangizo zaulimi kuno ku Zomba. Anawapatsa udindo woonetsetsa kuti kampaniyo ikutsata malamulo, compliance ija. Akuti aliyense anasaina chikalata chokana ziphuphu, chogula chilichonse chili ndi ma quotation atatu (mapepala a mitengo ochokera kwa ogulitsa atatu osiyana), koma ndalama za mafuta a galimoto zikungokwera. Funso lawo ndi lakuti, "Ndichitenso chiyani poti mapepala onse ndi olongosoka?"

Achemwali, dzukanipo pampandopo. Wakuba wochenjera ndi amene mafayilo ake amakhala aukhondo kuposa a wina aliyense. Kumbukirani Cashgate ya mu 2013. Ndalama za boma zinkatuluka kudzera mu IFMIS, pulogalamu ya pakompyuta yoyendetsera ndalama za boma, kupita ku makampani omwe sanabweretse katundu aliyense, kenako zolembazo n'kuzifufuta mukompyuta. A Baker Tilly, kampani yofufuza za kayendetsedwe ka ndalama, atafufuza zolembedwa za miyezi 6 yokha, kuyambira Epulo mpaka Seputembala, anapeza kuti ndalama zoposa K13 biliyoni zinasokonekera. Malamulo ogulira zinthu analipo onse. Chinkasowa ndi munthu wopita kukaona ngati katunduyo wafikadi.

Ndiye inu musayambe ndi mafayilo onse, mudzangotopa. Tengani ulendo umodzi wokha, muutsate mpaka kumapeto. Logbook, buku la maulendo a galimoto, ikuti galimoto inapita ku Blantyre n'kubwerako. Ulendo umenewo ndi wa makilomita pafupifupi 70 popita pokha. Kodi nambala za pa dashibodi zikuvomereza? Risiti ya mafuta ikuti malita angati, nanga thanki ya galimotoyo imalowa angati? Risiti ina imaonetsa malita oposa kukula kwa thanki, koma anthu atatu anasainapo osaphethira. Mukatero pitani pageti. Buku la alonda anthu amalinyoza, koma ndi lomwe limanena zoona za nthawi yomwe galimoto inatuluka ndi kulowa, chifukwa wokonza chinyengo sakumbukira n'komwe kuti mlonda amalemba.

Ma quotation atatu aja aikeni pamodzi patebulo. Onani manambala a foni, nambala ya msonkho (TPIN) ya ku MRA, ngakhale mawu olembedwa molakwika. Zikafanana, dziwani kuti dzanja ndi limodzi. Ngati pepala likuti shopu ili kwa Chinamwali, kwerani kabaza mukaione ndi maso.

Koma pano pokha mundimvetse: simuli wapolisi. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Pemphani kalata ya chilolezo kwa akuluakulu musanayambe, jambulani mapepala musanafunse munthu, ndipo lembani tsiku ndi zimene mwapeza, osati zimene mukuganiza. Nkhaniyi isamveke pa tiyi. Dalaivala mumufunse modekha, mwina anatumidwa ndi bwana kukatenga chimanga ku Jali ndipo akuopa kunena. Lamulo la ntchito la 2000, Employment Act, limafuna kuti munthu apatsidwe mpata wodziteteza asanachotsedwe. Mukadumpha apa, kampani ikhoza kukaluza ku Industrial Relations Court, khoti la milandu ya pantchito, ngakhale munthuyo anabadi.

Chimene simunandifunse, koma ndikudziwa chikukudyani mumtima: bwanji fungo likaloza kwa bwana amene mumamupatsa malipoti? Pamenepo lipoti lipite ku bodi kapena kwa eni kampani, osadzera kwa iye. Pakakhala chiphuphu chokhudza wogwira ntchito m'boma, khomo ndi la ACB, bungwe lothana ndi ziphuphu. Makope a mapepala aja musawasiye mu dilowa ya ku ofesi.