Kupanga ndalama zakale kunyumba: opani madzi kuposa moto

Mayi wina wandilembera pa imelo kuti mwana wawo amakonda mbiri ya Agiriki ndi Aroma, ndipo akufunsa ngati angathe kumupangira ndalama zofanana ndi za anthu amenewo kunyumba popanda kudzivulaza.

Amayi, n'zotheka. Koma musatsanzire njira ya eni ake. Ku Athens, mzinda wa Agiriki, ndalama yokhala ndi chithunzi cha kadzidzi, yolemera pafupifupi magalamu 17, ankaipanga poika siliva pakati pa zidindo ziwiri n'kumenya ndi nyundo. Aroma ankachitanso chimodzimodzi ndi dinari yawo, yomwe inayamba cha m'ma 211 Khristu asanabadwe. Siliva amasungunuka pa madigiri 962, moto wosayenera kuyatsa pakhomo. Inu mudzachita kuthira chitsulo chosungunuka m'chikombole.

Gulani chitsulo chofewa chotchedwa pewter, chopanda mtovu. Mbali yaikulu ya chitsulochi ndi tini, amene amasungunuka pa madigiri 232 okha. Musatole zitsulo zofewa zomwe simukuzidziwa, chifukwa zambiri zimakhala ndi mtovu. Mtovu umatsalira m'manja n'kulowa m'kamwa, ndipo umawononga ubongo wa mwana pang'onopang'ono. Apatu ndalamazi zidzakhala m'manja mwa mwana tsiku lonse.

Chikombole chikhale cha silikoni (wofewa ngati labala) wopirira kutentha, chodindidwa pa ndalama yotsanzira kapena pa chithunzi chomwe mwasema pa phula. Pa ndalama yeniyeni yakale musadinde, mungasupule khungu lake lomwe latenga zaka mazanamazana kupangika.

Chomwe ndimaopa kwambiri ine ndi madzi. Madzi akasanduka nthunzi amafufuma pafupifupi ka 1,700, choncho kadontho kamodzi kotsalira m'chikombole kamalavula chitsulo chamoto m'mwamba. Zinandichitikirapo. Ndinatsuka chikombole, ndinachipukuta, chinaoneka chouma gwa. Nditangothira ndinamva kuti thu! Timadontho tonyezimira tinamwazikira patebulo, kamodzi n'kumatirira pagalasi lomwe ndinavala, pafupi penipeni ndi diso. Kuyambira tsiku limenelo chikombole, supuni ndi chitsulocho ndimayamba ndazifunditsa, ndipo kapu ya madzi siyandikira pamalopo.

Gwirani ntchitoyi panja pouma kapena podutsa mphepo, mutavala magalasi oteteza maso, magolovesi achikopa, nsapato zotseka ndi zovala zathonje, poti nayiloni amasungunukira pakhungu. Poto wosungunuliramo asadzabwererenso kukhitchini. Mwana aonerere chapatali. Ntchito yake idzakhala kupala m'mphepete ndi kupukuta ndalama ikazizira.

Chinanso chomwe sindilola kuti chiiwalike ndi chizindikiro. Ku America lamulo la 1973 lotchedwa Hobby Protection Act limafuna kuti ndalama zotsanzira zidindidwe mawu akuti COPY. Kulikonse kumene muli, dindani mawuwo mozama kuseri kwa ndalama iliyonse. Inuyo mukudziwa kuti ndi yongopanga, koma amene adzaipeze m'bokosi zaka 40 zikubwerazi sadzadziwa, ndipo angadzaigulitse kwa munthu wosalakwa. Ndalama zomwe zikugwira ntchito lero musayerekeze n'komwe kuzitsanzira, umenewo ndi mlandu waukulu.