Seva ya Minecraft ya anzanga: ndiziwalipiritsa?

Funso la sabata ino lachokera kwa mnyamata wa ku Ulongwe, m'boma la Angónia. Akuti: "Akulu, ndimakonza mafoni pa kashopu kanga kumsika. Ine ndi anzanga 9 timasewera masewero a pa foni ndi kompyuta otchedwa Minecraft madzulo, ndipo dziko lathu lili pa laputopu yanga yakale yomwe siizima usana ndi usiku. Magetsi ndi intaneti ndimalipira ndekha. Anzanga awiri ali ku Tete, wina ku Dedza, ndipo amavutika kulowa. Pano onse akufuna ma mod, timapulogalamu towonjezera zinthu zatsopano m'masewerowa. Ndaona pa YouTube anthu akugulitsa malupanga ndi maudindo m'maseva awo. Nanenso ndingatero kuti ikhale bizinesi?"

Mphwanga, ndiyambe ndi mawu omwe sakukomera. Anthu 10 odziwana si msika. Chomwe ungatolere kwa iwo ndi chongobweza zomwe zikutuluka m'thumba mwako, basi. Uitenge ngati sonkhasonkha. Si xitique kwenikweni, chifukwa palibe amene adzanyamule thumba mwezi ukatha, koma mwambo wake ndi womwewo: tsiku loponya lidziwike, pakhale kope, ndipo wosunga ndalama aziwerengera anzake poyera.

Za malupangazo usayese. Minecraft ndi ya kampani ya Mojang ya ku Sweden, yomwe Microsoft inagula mu 2014 ndi madola 2.5 biliyoni, ndipo eni akewo anaika malamulo a anthu oyendetsa maseva, makompyuta osunga dziko lomwe osewera amalowamo kudzera pa intaneti. Amalola kulipiritsa polowa, amalola zopereka, amalolanso kugulitsa zokongoletsa monga dzina looneka ndi mtundu wina. Chomwe amakana ndi kugulitsa chinthu chopatsa wolipira mphamvu kuposa anzake. Koma tisiye za ku Sweden. Taganiza mnzako yemwe wakhala masabata atatu akukumba pansi kufunafuna dayamondi, maso ali psuu, batire la foni likutha. Wina wangokutumizira mametikali 200 Lachisanu, Loweruka wamupha ndi lupanga logula, watenga zonse. Lolemba onse awiri ali pakhomo pa kashopu kako kukangana, makasitomala akuonerera. Ndalama ija yakwanira chiyani pamenepo?

Tiye tiwerengere zomwe ukuwononga, chifukwa ndikukayika ngati unakhalapo pansi ndi cholembera. Tembenuza chaja ya laputopu, upeza nambala yotsatana ndi chilembo W. Imeneyo ndi mphamvu yaikulu yomwe chaja ingapereke, ndipo nthawi zambiri makina sakoka yonse. Tingoyerekeza kuti yako ikukoka 40 W. Maola 24 kwa masiku 30, ndiye pafupifupi 29 kWh pamwezi. Tenga risiti ya magetsi ya Credelec, uone mtengo wa kWh imodzi, uchulukitse. Tsopano funsa gulu: ndani amasewera 3 koloko m'bandakucha? Ukamayatsa 6 koloko madzulo n'kuzima 11 koloko usiku, maola 5 okha, zatsika kufika pa 6 kWh. Za intaneti, lemba mamega omwe uli nawo Lolemba, uonenso Lamlungu usiku, kusiyana kwake uchulukitse kanayi. Pamwamba pake uike kangachepe ka kutha kwa laputopuyo. Iwe ndi wokonza mafoni, batire lotupa umalidziwa kuposa ine. Zonse pamodzi ugawe pa 10, iwenso uponye gawo lako. Mmodzi wa a ku Tete akadzati laputopu ikakhale kwawo, umukumbutse za Okutobala ndi Novembala, pomwe kutentha kumeneko kumadutsa madigiri 40. Makinawo ali bwino kuno kumtunda kozizira.

Vuto la anzako akutali si ufiti. Seva ya Java, mtundu wa Minecraft wa pa kompyuta, imadikira alendo pa port (khomo lolowera) nambala 25565, ya Bedrock, mtundu womwe uli pa mafoni, pa 19132. Koma intaneti ya pa SIM kawirikawiri imaunjika makasitomala ambiri kuseri kwa adiresi imodzi, zomwe akatswiri amati CGNAT, ndiye ngakhale utsegule port pa rauta, wa ku Dedza sakupeza. Pali mapulogalamu olambalala mpanda umenewu, monga Tailscale, ZeroTier ndi playit.gg, ndipo onse ali ndi gawo laulere loyambirapo. Wina adzakuuza kuti gula Starlink, poti inafika ku Mozambique mu 2023. Usalowe m'ngongole chifukwa cha masewero. Nayonso pa mapulani wamba imagwiritsa CGNAT yomweyo. Ngati kashopu kako kangabweze ndalamayo pogulitsa Wi-Fi, imeneyo ndi nkhani ina, udzandilemberenso.

Njira ina ndi kuchotsa dzikolo pa laputopu. Aternos imapereka seva yaulere, kungoti imazima pakakhala palibe wosewera ndipo nthawi zina umaima pamzere podikira kuti iyake. Kwa anthu osewera madzulo okha, ine ndikanayamba pamenepo. Mukafuna yobwereka yolipira, sankhani makina omwe ali ku Johannesburg osati ku Ulaya, chifukwa mtunda ndi womwe umachedwetsa masewero: wamenya kale, chilombo chikugwa pambuyo. Malipiro ake amakhala a madola kapena ma rand, kudzera pa khadi ya kubanki. Lipira mwezi umodzi umodzi. Mtengo wa chaka chonse umaoneka wotsika, koma ndaonapo magulu ambiri akuyamba ndi moto n'kuzirala mayeso akayandikira kapena ntchito ya kumunda ikakula. Ndipo utolere kaye, kenako ulipire. Ukalipira ndi yako poyembekeza kuti "abweza mawa", wayamba ntchito yothamangitsa anzako.

Tsopano ma mod, pomwe pagona ndalama yeniyeni. Funso loyamba: mwa inu anthu 10, angati ali ndi kompyuta? Osewera pafoni ali pa Bedrock. Ma mod otchuka aja, monga Create ya makina ndi masitima, ndi a Java, amayenda pa mapulogalamu otchedwa Forge kapena Fabric, ndipo ambiri amafuna kuti wosewera aliyense aike mod yomweyo, ya version yomweyo, pa kompyuta yake. Ngati asanu ndi awiri ali pafoni, ndiye mukusonkhera chinthu chomwe atatu okha adzachidyerere. Chomwe chingakuyenereni ndi Paper, pulogalamu yoyendetsera seva ya Java. Zowonjezera zake, zotchedwa ma plugin, zimakhala pa seva pokha, wosewera saika kalikonse, ndipo ukawonjezera plugin yotchedwa Geyser, a pafoni amalowa m'dziko la Java. Dziwanso kuti obwereketsa maseva ambiri amatchaja potengera kukula kwa RAM, malo omwe makina amasungamo zomwe akugwira pa nthawiyo, ndipo mod iliyonse imadya RAM. Choncho mnzako akati "tiikenso iyi", kwenikweni akunena kuti "tikweze msonkho wa aliyense". Muziyamba mwagwirizana pagulu. Ika imodzi, musewere sabata, muone ngati sizikukakamira, kenako ina.

Usanaike chilichonse chatsopano, koperani foda ya world pa fulashi. Uzichitanso Lamlungu lililonse, ndipo fulashiyo isamagone m'chikwama chimodzi ndi laputopu. Munthu akakupatsa ndalama yake, nyumba yomwe wamanga m'masewero imasanduka katundu woikiza kwa iwe. Yatsa whitelist kuti azilowa okhawo olembedwa, ndipo mphamvu za op, zolamulira seva, zikhale ndi iwe ndi mmodzi wodalirika, osati yemwe waponya zambiri.

Pali nkhani ina yomwe sunaitchule koma ndikuidziwa. Si onse pagulupo ali ndi Minecraft yogula. Kuti otere alowe, eni maseva amazimitsa online-mode, yomwe imatsimikiza kuti wolowayo anaguladi Minecraft, ndipo zikatero aliyense atha kulowa ndi dzina la mnzake, ngakhale lako, n'kugumula zonse. Kutoleranso ndalama pa Minecraft yosagula ndi kudziputira mlandu. Ngati kugula kukuvuta, yesani Luanti, yomwe mpaka 2024 inkatchedwa Minetest. Ndi yaulere kotheratu, imayenda pa mafoni a Android ngakhale ofooka, ndipo ma mod ake amakhala pa seva, wosewera amangolowa. Amalembedwa m'chilankhulo cha Lua, chomwe munthu wozolowera kutsegula mafoni ngati iwe angachiphunzire pang'onopang'ono usiku. Ngati pali phindu la mtsogolo pa zonsezi, lili m'luso limenelo, lodziwa kuyendetsa seva ndi kulumikiza makina.

Ndalama ya gulu isasakanikirane ndi ya kashopu. Ngati bizinesi yako imayenda pa M-Pesa, ya seva izilowa pa e-Mola, kapena mosinthanitsa. Pa 1 mwezi uliwonse jambula tsamba la kope, uponye pa gulu la WhatsApp: olipira, osalipira, zotuluka, zotsala. Wochedwa musamuchotse tsiku lomwelo, mupatseni sabata. Ena ndalama amaigwira akagulitsa kachewere kapena chimanga, ndiye aloleni alipiriretu miyezi itatu nthawi yokolola.

Wa ku Dedzayo mugwirizane naye mtengo m'mametikali, osati m'makwacha. Kwacha ikasuntha, kusiyanako kukhale kwake. Azipatsira munthu wodziwika yemwe amadutsa pa chipata cha malire cha Calómue, kamodzi pa miyezi itatu, kuti ndalama yochepayo isathere m'njira.